Kalata kwa Naphiri: Milandu ya Migodi Imene Imafera Pakhomo

Wokondedwa Naphiri, mwana wa mlongo wanga,

Mayi ako anandiimbira foni kuti mayeso a ku ZIALE wakhoza ndipo dzina lako lalowa m'kaundula wa maloya. Mayeso amenewo agwetsa anthu anzeru ambiri, choncho wagwira ntchito, ndipo mbumba yonse ikunyadira. Anandiuzanso kuti mtima wako uli pa milandu ikuluikulu ya malamulo oyendetsera dziko, makamaka pamene kampani ya migodi yakokana ndi boma. Nkhani imeneyo ndiyo yandigwiritsa cholembera. Ndalemba poyera dala, kuti anzako amene mwavala nawo mikanjo awerengeko.

Ine si loya, ukudziwa. Ntchito yanga inali yomasulira, kuima pakati pa jaji ndi mboni, kuchotsa mawu m'Chingerezi kuwaika m'Chinyanja kapena m'Chibemba. Koma womasulira amaswera m'khoti, amamva zonse, ndi za maloya zomwe pamene mboni zauzidwa kuti zidikire panja. Chimene ndinaona m'zaka zimenezo n'chakuti milandu yambiri sifika pa funso loti wolakwa ndani. Imathera pa mafunso ena, ooneka ngati aang'ono. Kodi mwabwera ku khoti loyenera? Pepala mwabweretsali ndi limene lamulo likufuna? Nanga nthawi yake sinathe? Kampani ya migodi imalipira maloya kuti azidziwa mayankho a mafunso amenewa. Boma nalo lili ndi maloya ake. Opanda wowayankhira ndi anthu ogona pafupi ndi mgodi, anthu a kuno ku Kabwe, a ku Chowa kumene unakulira, a ku Kasanda, a ku Makululu, a ku Mutwe Wansofu.

Kukangana kwa kampani ndi boma pa za pansi pa nthaka n'kwakale kuposa mbendera yathu. Kampani ya British South Africa inkadya msonkho pa mwala uliwonse wokumbidwa m'dziko muno, ikunena kuti mphamvuyo inaipeza m'mapangano ndi Litunga Lewanika ndi mafumu ena, ngakhale anthu ambiri ankafunsa kuti Lewanika akanapereka bwanji nthaka ya Alamba ndi Alenje. Pangano la mu 1950 linailola kupitiriza kudya mpaka 1986. Ufulu utayandikira, atsogoleri athu anakana kulandira malamulo oteteza phindu limenelo, nati ngati n'kofunika adzaitanitsa riferendamu n'kulanda popanda kulipira. Nkhaniyo inatha patatsala maola ochepa kuti mbendera ikwere pa 24 Okutobala 1964, kampani italandira mapaundi 4 miliyoni, theka kuchokera ku Britain, theka kuchokera kwa ife.

Patapita zaka zisanu a Kaunda anafuna kupita patsogolo, koma anapeza kuti magawo oteteza katundu sangasinthidwe ndi Nyumba ya Malamulo yokha. Anayamba ndi riferendamu ya pa 17 Juni 1969, ndipo atapambana, pa 11 Ogasiti chaka chomwecho ku Matero analengeza kuti boma likufuna magawo 51 pa 100 a migodi ya Anglo American ndi Roan Selection Trust. Taona bwino apa, mwana wanga. Ngakhale mtsogoleri wamphamvu ngati a Kaunda anayamba wakonza njira ya lamulo asanagwire mgodi. Mgodi wathu wa Broken Hill, umene unapezeka mu 1902, unalowa m'manja mwa boma m'zaka zotsatira, unakhala wa kampani ya boma ya ZCCM mu 1982, n'kutsekedwa mu 1994. Otsekawo anapita, phiri la zinyalala za mtovu anatisiyira.

Tsopano ndibwere pa zimene udzakumana nazo iweyo. Kusintha kwa malamulo kwa mu Januwale 2016 kunabala makhoti awiri atsopano, Khoti la Apilo ndi khoti la malamulo oyendetsera dziko, limene tonse timangoti ConCourt. Gawo 128 limapatsa ConCourt mphamvu yomasulira malamulowo, ndipo ikagamula palibe kwina kokadandaula. Anthu ambiri, ndi ophunzira omwe, amaganiza kuti nkhani iliyonse yotchula malamulo oyendetsera dziko imapita kumeneko. Ayi. Gawo 128 lomwelo limayamba ndi kupatula gawo 28, ndipo gawo 28 limati wodandaula za ufulu wake wachibadwidwe apite ku Khoti Lalikulu, apilo yake ikathere ku Khoti la Suprimu. Zinakhala chonchi chifukwa mutu wa ufulu wachibadwidwe sungasinthidwe popanda riferendamu, ndipo riferendamu ya pa 11 Ogasiti 2016 inalephera. Ovota ambiri anavomera, koma chiwerengero chawo sichinafike theka la anthu onse oyenera kuvota. Mpaka lero ndimamva chisoni ndikakumbuka tsiku limenelo, chifukwa m'mutu watsopano uja munali ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi opanda chiphe. Anthu a ku Kabwe anataya zambiri tsikulo, ambiri osadziwa n'komwe kuti pepala la riferendamu lija linali la chiyani.

Ndiye taganiza za kampani imene boma lailanda laisensi. Lamulo limaiwerenga kampani ngati munthu. Ikati katundu wake walandidwa popanda chipukuta misozi, imeneyo ndi nkhani ya gawo 16, ndipo njira yake ndi pempho lopita ku Khoti Lalikulu, monga amanenera malamulo a mu 1969 oyendetsera madandaulo a ufulu. Ikati nduna yaphwanya gawo lina la malamulo oyendetsera dziko, la kunja kwa mutu wa ufulu, imeneyo ndi ya ConCourt. Ikangoti mkulu wa ofesi ya migodi sanatsate lamulo la migodi, khoti lidzaifunsa ngati inayamba yadutsa njira za apilo zimene lamulo la migodilo linaika. Dandaulo limodzi lomwelo likhoza kuvala nkhope zonse zitatu, ndipo loya wa mbali inayo adzaimirira m'mawa woyamba kunena kuti mwasochera. Funso lomasulira malamulo oyendetsera dziko likabukanso mlandu uli m'kati ku khoti lina, jaji amayenera kulitumiza ku ConCourt, mlandu wonse n'kuima kudikira yankho. Miyezi imapita.

Kwathu ku Katete, munthu akalumpha nyakwawa n'kukatula mlandu wa munda kwa mfumu yaikulu, mfumu imamubweza ndi mthenga kuti akayambire koyenera, mlandu uli wamoyo. Ndiye chifukwa chake akuluakulu ankati mlandu suola. Ku khoti la boma mlandu umaola. Ukasochera amakutulutsa, nthawi zina n'kukulipitsa ndalama zimene mnzako wawononga, ndipo pamene ukubwerera koyenera umapeza masiku ako atha. Unawerenga mlandu wa Chikuta ndi khonsolo ya Chipata Rural wa mu 1974, wochokera kwathu komweko kummawa. Khoti la Suprimu linati mlandu woyambitsidwa ndi pepala lolakwika jaji alibe mphamvu youweruza. Mu 2001, pa mlandu wa Newplast Industries, linabwerezanso kuti njira yoyambira mlandu imachokera m'lamulo, osati m'zofuna za wodandaula. Anzako adzakuuza kuti gawo 118 la malamulo a 2016 linathetsa zonsezi, popeza limati chilungamo chisatsekerezedwe ndi tizifukwa ta ndondomeko. Usawamvere. ConCourt, pa mlandu wa Henry Kapoko mu 2016, inanena kuti gawolo silinabwere kudzafafaniza malamulo oyendetsera milandu. Ndipo dziko lonse linaona mu Sepitembala chaka chomwecho dandaulo la chisankho cha pulezidenti likutha chifukwa masiku 14 anakwana mboni zisanamvedwe.

Kusumira boma kulinso ndi zake. Susumira nduna ngati munthu wamba, umasumira mkulu wa maloya a boma. Lamulo la milandu yokhudza boma silola khoti kupereka chiletso pa boma, ndipo ukapambana sungatumize anthu kukanyamula magalimoto ake. N'chifukwa chake maloya a makampani amakonda kupempha Khoti Lalikulu kuti liunikenso chiganizo cha ofesi ya boma, chifukwa jaji akalola kuti pempholo limvedwe akhoza kuimitsa chiganizocho kaye. Njira imeneyi timaitsatabe kuchokera m'buku la makhoti a ku England la mu 1999, limene inu mumalitcha White Book, ndipo imafuna kuti ufike msanga, miyezi itatu isanathe.

Kuno kwathu tinaona momwe njirazi zimathamangira zikakhala m'manja mwa odziwa. Kampani ya Enviro Processing, imene inali ya BMR ya ku London, inali ndi laisensi pa zinyalala za mgodi wakale. Ofesi ya migodi inalemba kalata yothetsa laisensiyo mu Disembala 2017. Kampani inati kalatayo yaifika mu Febuluwale 2018, inachita apilo kwa nduna monga linkanenera lamulo la migodi la mu 2015, ndipo pofika Epulo laisensi inali itabwezedwa, ndi mfundo zoti izitsata. Miyezi iwiri basi. Sindikunena kuti panali cholakwika. Kampani inatsata lamulo, ndipo lamulo linaiyankha. Ndikungofuna usunge miyezi iwiriyo m'mutu pamene ukuwerenga zotsatirazi.

Mkangano waukulu wa masiku athu ano ndi wa Konkola Copper Mines (KCM). Pa 21 Meyi 2019, ZCCM-IH, kampani imene boma lili ndi magawo ambiri, inapita ku Khoti Lalikulu ku Lusaka kupempha kuti KCM ithetsedwe, ndipo a Milingo Lungu anaikidwa kuti aiyendetse mongogwirizira, Vedanta, mwini magawo pafupifupi 80 pa 100 a KCM, isanamvedwe. Boma linkati Vedanta yaphwanya malonjezo ake ndipo sikulipira oigulitsa katundu. Vedanta inakana, koma chida chake chachikulu chinali china. Inatulutsa pangano la eni magawo limene linkati mkangano uliwonse upite kwa amkhalapakati ku Johannesburg. Khoti la ku Johannesburg linaivomereza mu Julayi 2019, khoti la ku Lusaka linakana kuimitsa mlandu, kenako Khoti la Apilo mu Novembala 2020 linati mlandu uime upite kwa amkhalapakati. Pomaliza anagwirizana kunja kwa khoti mu 2023, Vedanta n'kubwerera pa mgodi mu 2024. Zaka zisanu, ndipo mphamvu zambiri zinathera pa funso loti nkhaniyi ikambidwire kuti. M'zaka zimenezo amene anaonda ndi ogwira ntchito ndi amalonda ang'onoang'ono a ku Chingola ndi Chililabombwe amene ankadikira malipiro awo.

Umene umandiwawa kwambiri ndi wa ku Lower Zambezi. Bungwe loona zachilengedwe la ZEMA linakana mu 2012 kuti kampani ya Mwembeshi Resources ikumbe kopa m'kati mwa nkhalango yotetezedwa. Mu Januwale 2014 nduna, a Harry Kalaba, anatembenuza chiganizocho. Mabungwe osamala zachilengedwe anachita apilo ku Khoti Lalikulu, ntchito n'kuima. Mu Okutobala 2019 khoti linataya apiloyo, osati chifukwa linapeza kuti mgodi suwononga mtsinje, koma chifukwa mpukutu wa mapepala a apilo sunaperekedwe. Khoti la Apilo nalo linawakana mu Febuluwale 2021. Mgodiwo unadzaletsedwa mu 2023 ndi chiganizo cha boma, osati cha jaji. Nkhalango yonse ija, njovu zake ndi asodzi a m'mphepete mwa Zambezi, zinatsala pang'ono kupita chifukwa cha mapepala amene munthu anayenera kusonkhanitsa, kumanga ndi kukapereka kwa kalaliki. Imeneyo ndi ntchito imene maloya achinyamata amaiona ngati yonyozeka.

Tsopano za ana athu. Madokotala amati mtovu ulibe mlingo wabwino m'magazi a mwana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita imodzi pafunika kuchitapo kanthu, ndipo pa 45 mwana amafunika mankhwala ouchotsa. M'makomboni oyandikana ndi mgodi, ofufuza a ku University of Zambia ndi anzawo a ku Hokkaido anapeza ana ambiri opitirira 45. Mtovu umalowa ndi fumbi, mwana akamasewera pabwalo n'kuika zala m'kamwa, ndipo umawononga ubongo mwakachetechete, mwana n'kumatchedwa mbuli kusukulu. Mu Okutobala 2020 maloya a Mbuyisa Moleele, mothandizana ndi a Leigh Day, anasumira Anglo American South Africa ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, ponena za zaka za 1925 mpaka 1974. Anglo imati mgodiwo sunali wake, inali ndi magawo ochepa ndipo inkangopereka upangiri, ndiye udindo uli kwa amene anautenga pambuyo pake. Mu Disembala 2023 Jaji Leonie Windell anakana kuti anthuwa asume ngati gulu limodzi. Apilo inamvedwa ku Bloemfontein mu Novembala 2025. Zaka zisanu chiyambireni, funso limene linali pamaso pa majaji linali lakuti kodi anthuwa aloledwe kulowa limodzi. Mwana amene anali kumsana tsiku losuma anali atayamba sukulu.

Udzifunse chifukwa chake ana a ku Kabwe akukafuna chilungamo ku South Africa pamene Khoti Lalikulu lili pakati pa tauni yawo, ndipo Khoti la Suprimu limabwera kudzakhala konkuno. Yankho lili m'ndondomeko zathu. Kuno loya saloledwa kupangana ndi wosauka kuti adzalipidwe pa ndalama zimene adzapambane, ndipo tilibe njira yoti mlandu umodzi uphimbe anthu zikwi zambiri popanda aliyense kulembetsa payekha. Khoti la Suprimu la ku Britain linaona zomwezi pa 10 Epulo 2019, pamene linalola anthu 1,826 a m'midzi ya ku Chingola kusumira Vedanta ku London. Linanena kuti majaji a ku Zambia ndi odziimira paokha, koma anthu osauka chotere sangapeze ndalama ndi maloya okwanira kuyendetsa mlandu waukulu chonchi kwawo. Mawu amenewo ine anandichititsa manyazi, chifukwa ndi oona. Mlanduwo unayamba mu 2015, zaka zinayi zinathera pa funso la khoti, ndipo unatha ndi mgwirizano mu Januwale 2021 popanda kampani kuvomera kulakwa.

Amene anayesa kuno kwathu ndi a James Nyasulu ndi anzawo 2,000, madzi a Kafue ataipitsidwa mu 2006. Khoti Lalikulu linawapatsa K10 biliyoni ya ndalama zakale mu 2011. Mu 2015 Khoti la Suprimu linavomereza kuti KCM inalakwa, koma linachotsa ndalama zija, chifukwa ochepa okha ndi amene anali ndi makalata a kuchipatala osonyeza kuvulala kwawo. Anapambana mlandu, ambiri n'kubwerera chimanjamanja. Ndimauza amayi a kuno kuti kakhadi kamene amalembapo zotsatira za magazi a mwana akasunge m'pulasitiki pamodzi ndi chitupa, chifukwa tsiku lina jaji adzafunsa za mwana ameneyo payekha.

Usandimve molakwa, Naphiri. Sindikunena kuti ndondomeko ndi mdani. Popanda iyo, nduna ikanamalanda mgodi m'mawa uliwonse yadzuka ndi mkwiyo, ndipo kampani yolemera ikanamakoka mlandu mpaka mboni zonse zitamwalira. Lamulo loti mbali inayo imvedwe limateteza Vedanta lero, mawa lidzateteza mayi wogulitsa tomato amene khonsolo ikufuna kumugwetsera kanyumba. Chimene ndikudandaula n'chakuti chidziwitso chake chili mbali imodzi. Ndipo pamene kampani ndi boma akukangana za laisensi, pa pepala pamalembedwa maina awiri okha. Anthu amene adzapume fumbi la chigamulocho sapatsidwa masamoni, sadziwa tsiku la mlandu, amangoona magalimoto ayambanso kutuluka pa Black Mountain, phiri la zinyalala lija. Lipoti la Human Rights Watch la mu Malichi 2025 linafotokoza za milu ya zinyalala za mtovu zotengedwa ku mgodi n'kutayidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni muno. Ife sitinadikire lipoti, timaiona.

Sindikusankhira kokagwira ntchito. Ukapita kwa maloya a boma, pita. Ukapita ku ofesi yoimira makampani, kumenekonso udzaphunzira zambiri, ndipo kampani nayo iyenera kukhala ndi woiyankhulira. Koma kulikonse ukakhale, uphunzire malamulo oyendetsera milandu mpaka uziwalota, kuwerenga masiku, kumanga mpukutu wa apilo, kulemba umboni wolumbirira umene sugwa ndi mphepo yoyamba. Ndipo udziwe mipata imene ilipo kale. Gawo 4 la lamulo losamalira zachilengedwe la mu 2011 limapatsa munthu aliyense wokhala m'Zambia ufulu wa malo aukhondo, ndipo limamulola kupita ku khoti ufuluwo ukaopsezedwa. Malamulo a ConCourt amalola munthu wokhudzidwa kupempha kulowa mu mlandu wa ena, amalolanso bwenzi la khoti kudzaunikira majaji. Fayilo ya mgodi ikadzafika pa tebulo lako, ufunse kuti pafupi ndi mgodiwo pamagona ndani, ndipo ndani wawauza. Ukadzakhala wa boma, uganize kawiri usanaimirire kupha dandaulo la anthu a m'komboni chifukwa cha pepala limene likanatha kukonzedwa, pakuti boma limene ukuimiralo ndi lawonso.

Majaji a Suprimu akadzabweranso kudzakhala kuno, upemphe tchuthi ubwere. Ukhale pa benchi ya kumbuyo tsiku lonse, uwerenge wekha kuti ndi milandu ingati imene ifike pa nkhani yeniyeni. Madzulo tidzapita limodzi ku Chowa, kuli amayi a mumpingo mwathu amene akhala akundifunsa za mlandu wa ku South Africa, ndipo mafunso awo ena afunika loya, osati womasulira wopuma ntchito. Chipinda chako chilipo. Upereke moni kwa mayi ako, uwauze kuti mbewu ya nyemba ija yafika.

Ndine malume ako,
ku Kabwe